Kompyuta ikasokoneza masamu: nambala ina si nambala

Mwana wa Sitandade 5 mutamufunsa kuti 12 kuchulukitsa ndi 15 ndi zingati, akanda pamutu pang'ono kenaka akuuzani kuti 180. Koma ilipo njira ina yolembera funso lomweli pa kompyuta, m'chiyankhulo cha mapulogalamu chotchedwa Python, yomwe yankho lake limatuluka chonchi: 121212121212121212121212121212. Kompyutayo ili bwinobwino, ndipo sikuchenjezani nkomwe kuti penapake zasokonekera. Chachitika nchakuti 12 ujayo yamutenga ngati mawu olembedwa osati nambala, ndiye yangomulemba mobwereza ka 15, ngati mwana amene aphunzitsi amupatsa chilango cholemba dzina lake pabolodi.

Nambala ziwirizi nzodziwika kwa aliyense wogwira ntchito kuchipatala. Panado wa ana amaperekedwa potengera sikelo, ndipo mlingo wake nthawi zambiri umakhala mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse. Ndiye kuti mwana wa makilogalamu 12 sayenera kupyola mamiligalamu 180 pa nthawi imodzi. Ngati botolo lalembedwa kuti m'mamililita 5 muli mamiligalamu 120, mamiligalamu 180 aja ndi mamililita 7.5. Kale masamu otere ankachitika papepala kapena m'mutu. Lero ambiri akuchitikira pa foni ndi pa kompyuta, malipoti a zaumoyo akulowa mu DHIS2, ndipo ana athu a kusekondale akufunsa GeoGebra ndi Wolfram Alpha mafunso omwe makolo awo ankachezera nawo pa koloboyi. Nchifukwa chake inu kholo, ndi inu volontiya wa zaumoyo, mukuyenera kudziwa momwe makinawa amalakwitsira. Sikuti mukhale katswiri wolemba mapulogalamu ayi, koma poti yankho likamatuluka, amene mumakhala pafupi ndi mwanayo ndinu.

Makina odziwa x ndi y

Kakyuleta wamba amadziwa nambala basi. Mukamuuza kuti agawe 1 ndi 3 amakupatsani 0.3333333 nkulekeza pomwe malo amuthera. Koma ulipo mtundu wina wa mapulogalamu omwe akatswiri amautchula kuti computer algebra, womwe umachita masamu monga amachitira mphunzitsi pabolodi. Ukauza kuti ugawe 1 ndi 3 umasunga yankholo ngati 1/3, osadula kanthu. Ukaupatsa x + 1 kuti uchulukitse ndi x + 1 umayankha kuti x² + 2x + 1, ngakhale sunauzidwe kuti x ndi zingati.

Mapulogalamuwa si a dzulodzulo. Macsyma inayamba kulembedwa mu 1968 ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, ndipo mwana wake ndi Maxima, yomwe William Schelter anaisamalira mpaka imfa yake mu 2001 ndipo lero aliyense atha kuigwiritsa ntchito kwaulere. Maple inabadwira ku University of Waterloo ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mathematica ya Stephen Wolfram inatuluka mu 1988. Ina inayambira ku kampani ya IBM ndi dzina lakuti Scratchpad, kenaka inatchedwa Axiom, ndipo mu 2007 inaphukira nthambi yotchedwa FriCAS. Akatswiri a sayansi amagwiritsa ntchito mapulogalamu otere pa masamu aataliatali, kuphatikizapo owerengera momwe matenda amafalikira komanso momwe mankhwala amachepera m'magazi maola akamapita.

Kusiyana kwa mitundu iwiri ya masamuyi mutha kukuona pa funso la mwana wa Sitandade 4. Lembani 0.1 + 0.2 mu Python, yankho libwera 0.30000000000000004. Kachidutswa ka kumapetoko kamabwera chifukwa kompyuta imasunga nambala za dontho pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 yekha, ndipo 0.1 sakwanira ndendende m'kasungidwe kameneko, monga momwe 1/3 sathera mukamamulemba ndi dontho. Mukalemba funso lomwelo mu Maxima ngati 1/10 + 2/10, yankho ndi 3/10, lopanda chotsalira. Kachidutswako nkochepetsetsa moti pa mlingo wa mankhwala sikasintha kanthu. Vuto limabwera pulogalamu ikafunsidwa ngati yankho lija ndi lofanana ndi 0.3. Imayankha kuti ayi, ndipo chilichonse chomwe chimadikira yankho lakuti inde chimalephereka.

Apa ndiye pagona nkhani ya chomwe amachitchula kuti type, kutanthauza mtundu wa chinthu. Kwa inu ndi ine 12 ndi 12 basi. Kwa kompyuta alipo 12 amene ndi nambala yathunthu, 12.0 amene ndi nambala ya dontho, 24/2 amene analembedwa ngati chogawa, ndi 12 amene ndi zilembo ziwiri zongoyandikana monga za pa nambala ya galimoto. Chilichonse chili ndi malamulo ake. Mukapereka mtundu wina pamene pamafunika wina, mwapanga chomwe chimatchedwa type error. Zili ngati kupita ndi thumba la mtedza kuchigayo cha chimanga. Wachigayo wochenjera amasuzumira m'thumbamo nkukubwezani. Wina amangothira, ndipo chotulukacho sichikhala ufa.

FriCAS ili m'gulu la achigayo osuzumira m'thumba. Yankho lililonse imalemba ndi mtundu wake pansi pake. Mukalemba 5 imakuuzani kuti ndi PositiveInteger, kutanthauza nambala yathunthu yoposa 0. Mukaiuza kuti dzina lakutilakuti lizisunga nambala za mtundu umenewu, kenaka nkuyesa kuikamo nambala ya pansi pa 0, imakana. Ophunzira ambiri zimawatopetsa, amati pulogalamuyi njovuta ngati mlonda wa pageti. Ine ndimaiona mosiyana. Pulogalamu yomwe yakana yakuuzani kuti pali vuto, ndipo mukhoza kuyamba kulifufuza. Yoopsa ndi ija imalandira chilichonse nkukupatsani nambala yooneka yaulemu.

Zolakwika zopanda phokoso

Ngati munalembapo mndandanda wa manambala a foni mu Excel, mwina munaona kuti 0 wa kumayambiriro amasowa. Excel imaganiza kuti mwaipatsa nambala yowerengera, ndipo pa masamu 0 wa kutsogolo alibe ntchito, ndiye imamuchotsa. Koma nambala ya foni si yowerengera, palibe amaphatikiza manambala a foni awiri. Ndi dzina lolembedwa ndi manambala, chimodzimodzi nambala ya wodwala m'kaundula. Njira yake ndi kuuza Excel musanayambe kulemba kuti danga limenelo ndi la mawu.

Vuto lomweli linasautsa akatswiri ofufuza za chibadwa cha munthu kwa zaka zambiri. Ma gene ena anali ndi mayina ngati SEPT2 ndi MARCH1, ndipo Excel inkawasandutsa madeti a September ndi March. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti pafupifupi pepala limodzi mwa asanu aliwonse omwe anali ndi mindandanda yotere ya mu Excel linali ndi vutoli. Mu 2020 komiti yopereka mayinawa inangogonja nkusintha mayinawo, MARCH1 nkukhala MARCHF1. M'chaka chomwecho ku England, anthu 15,841 omwe anapezeka ndi Covid-19 pakati pa 25 September ndi 2 October sanalowe m'malipoti pa nthawi yake, chifukwa zotsatira zawo zinkaikidwa m'mtundu wakale wa fayilo ya Excel womwe umathera pa mizere 65,536. Fayiloyo itadzaza, zotsalazo zinkangotayika osalira belu. Anthu omwe anakhudzana ndi odwalawo anachedwa kufufuzidwa.

Kwathu kuno kulinso msampha wina womwe okhala m'malire a Mozambique, monga ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Mulanje, ayenera kuudziwa. Ife timalemba 7.5 ndi dontho, pomwe m'Chipwitikizi amalemba 7,5 ndi koma, ndipo ku South Africa nakonso amaphunzitsa choncho kusukulu. Munthu akaona 7,5 amamva. Pulogalamu ikhoza kuitenga ngati mawu, kapena ngati nambala ziwiri zosiyana, 7 ndi 5. Foni yomwe inakonzedwera dziko lina ikhozanso kumayembekezera koma pamene inu mukulemba dontho.

Mlongo wake wa vuto la mtundu ndi vuto la muyezo. Nambala ikhoza kukhala yolondola koma muyezo wake nkukhala wina. Tepi ya MUAC yoyezera mkono wa mwana imafiira pansi pa masentimita 11.5, omwe ndi mamilimita 115. Ngati fomu ya pa foni ikufuna masentimita, inu nkulembamo 112 poganiza za mamilimita, pulogalamu yosasamala iona mwana wa mkono waukulu kuposa ntchafu ya munthu wamkulu nkumuika m'gulu la athanzi, chonsecho ndi mwana wonyentchera kwambiri wofunika chiponde lero lomwe. Sikelo zina za m'nyumba zimayeza mapaundi, ndipo kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2. Mwana uja wa makilogalamu 12 pa sikelo yotere aoneka 26.4, ndipo nambala imeneyi ikalowa ngati makilogalamu, mlingo wa panado ufika mamiligalamu 396 m'malo mwa 180.

Musaganize kuti zotere zimachitikira osaphunzira okha. Pa 23 September 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chitangofika ku Mars. Pulogalamu ina inkapereka mphamvu ya injini m'muyezo wa mapaundi, pamene yolandira inkayembekezera muyezo wa newton, ndipo miyezo iwiriyi imasiyana pafupifupi kanayi ndi theka. Pa 4 June 1996 roketi yoyamba ya Ariane 5 inaphulika ku Kourou pasanathe mphindi imodzi itanyamuka. Pulogalamu yake inayesa kuika nambala yaikulu ya dontho m'malo osungira nambala yathunthu omwe amathera pa 32,767. Chigawo cha pulogalamucho chinachokera ku Ariane 4, yomwe kauulukidwe kake sikankafikitsa nambalayo pamenepo.

Chitsanzo chapafupi ndi ife ndi LA. Mankhwala a malungowa amaperekedwa m'magulu a sikelo: kuyambira makilogalamu 5 kufika pansi pa 15 ndi piritsi limodzi pa nthawi, kuyambira 15 kufika pansi pa 25 ndi awiri, kuyambira 25 kufika pansi pa 35 ndi atatu, ndipo kuyambira 35 kupita m'mwamba ndi anayi. Tiyerekeze kuti wolemba pulogalamu amangoganiza za nambala zathunthu, ndiye walemba kuti 5 mpaka 14 ndi limodzi, 15 mpaka 24 ndi awiri, 25 mpaka 34 ndi atatu, ena onse anayi. Akayesa ndi 10, 20 ndi 30 zonse zituluka bwino. Tsiku lina pabwera mwana wa makilogalamu 14.5. Sali mu 5 mpaka 14, salinso mu 15 mpaka 24. Agwera mu ena onse aja, ndipo foni inena kuti mapiritsi anayi. Palibe uthenga wofiira, palibe chokana. Wolembayo akafuna kuthawa vutoli pouza pulogalamu kuti izikweza nambala ya dontho kufika yathunthu yapafupi, mwana wa 14.6 asanduka wa 15 nkulumphira m'gulu la awiri.

Dzina la m'nyumba ndi dzina la pabwalo

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi yovutirapo kuimvetsa, koma ndi imene imasowetsa tulo olemba mapulogalamu. Pulogalamu yaitali amaigawa m'tizigawo, kalikonse ndi dzina lake ndi ntchito yake. Kachigawo kotere kamatchedwa function. Mumakapatsa chinthu, iko kamakubwezerani china. Mukhoza kukhala ndi function yotchedwa mlingo, yomwe mukaipatsa sikelo ya mwana imakubwezerani mamililita. M'kati mwa function yaikulu wolemba akhoza kuikamonso ina yaing'ono yomuthandiza pa ntchito ya pomwepo. Imeneyi imayenera kukhala local, kutanthauza yodziwika m'katimo mokha. Zina ndi global, zodziwika pulogalamu yonse.

Taganizirani mawu akuti agogo. M'nyumba mwanu mukati kaitaneni agogo, aliyense akudziwa amene mukunena. Mukakanena mawu omwewo pabwalo la mfumu, atembenuka anthu khumi. Dzina la m'nyumba limagwira ntchito chifukwa limathera pakhomo. Chisokonezo chimayamba dzina la m'nyumba likatulukira pabwalo nkukalanda malo a lina, kapena munthu wa pabwalo akamaitana dzina lomwe limadziwika m'nyumba mokha.

Mu Maxima muli msampha weniweni wa mtundu umenewu. Wolemba akatsekera malamulo ake mu chomwe amati block, mayina osungira nambala omwe wawatchula koyambirira kwa block amakhala a m'katimo. Ambiri amangoganiza kuti function yomwe ailemba m'katimo nayonso ndi ya m'kati. Sizili choncho. Imatuluka nkukhala ya pulogalamu yonse, pokhapokha wolembayo ataitchula ndi lamulo lakuti local.

Onani zomwe zingachitike. Tiyerekeze kuti pamwamba pa pulogalamu pali function yotchedwa sintha, yosandutsa mamiligalamu kukhala mamililita potengera botolo lamphamvu la mamiligalamu 250 m'mamililita 5. Mukaipatsa 180 ikubwezerani 3.6, zomwe nzolondola pa botolo limenelo. Pansi pake wina walemba chigawo cha botolo la mamiligalamu 120, ndipo m'kati mwake waikamo function yakeyake, nayonso waitcha sintha, poganiza kuti ithera momwemo. M'mawa mufunsa za botolo lamphamvu, yankho 3.6. Masana mufunsa za botolo linalo, yankho 7.5, lolondolanso. Koma pa nthawi imeneyi sintha wachiwiri wafufuta woyamba uja. Madzulo mukabwerera ku botolo lamphamvu, funso lomwe lija la m'mawa likupatsani 7.5, ndipo mamililita 7.5 a botolo lamphamvu ndi mamiligalamu 375. Mukazimitsa pulogalamu nkuyambiranso, yankho libwerera pa 3.6, ndipo amene mwamuitana kuti adzaone vutolo aganiza kuti mumalota. Pa mzere uliwonse pawokha palibe cholakwika. Cholakwika chili pa dongosolo lomwe zigawozo zayendera.

Vuto lotembenuza lake nalo lilipo. Function ndi ya m'kati ndithu, koma wina akuiitana ali kunja komwe sidziwika. Ziyankhulo zambiri zimaima pomwepo nkunena kuti dzinalo sizikulidziwa. Mapulogalamu ngati Maxima ndi Mathematica satero, chifukwa ntchito yawo ndi kusewera ndi zilembo zopanda nambala. Akaona dzina lachilendo amalitenga ngati x wina, nkulinyamula momwemo kupita nalo kutsogolo. Amalichulukitsa, amaligawa, osadandaula. Pakadutsa mizere makumi awiri, pulogalamu ikafuna kudziwa ngati yankholo likuposa 15, kapena ikafuna kujambula galafu, mpamene imagwa, chifukwa yapeza chilembo pomwe imafuna nambala. Uthenga umene utuluke unena za mtundu wolakwika pa mzere wakumunsi, chonsecho gwero lake ndi dzina lomwe linaitanidwa pamalo olakwika kumtunda. Maple imayesako kuthandiza: mukaika nambala m'dzina m'kati mwa chigawo osanena ngati ndi la m'kati kapena la onse, imalemba chenjezo lakuti yalitenga ngati la m'kati. Anthu ambiri machenjezo otere amangowadumpha poti pulogalamu ikuyendabe, chizolowezi chomwe sindigwirizana nacho ngakhale pang'ono.

Nkhani yomwe imaphunzitsidwa kwambiri pa za mapulogalamu a zachipatala ndi ya Therac-25, makina owotchera khansa omwe pakati pa 1985 ndi 1987 anapereka mphamvu yopyola muyezo kwambiri pa ngozi zisanu ndi imodzi zodziwika ku America ndi Canada, ndipo odwala ena anamwalira. Limodzi mwa mavuto ake linali kanambala kena kosungidwa m'malo omwe amathera pa 255. Pulogalamu inkawonjezerapo 1 nthawi iliyonse ikamayendera makinawo, ndipo ikafika ulendo wa 256 kanambalako kankabwerera pa 0. Chigawo china cha pulogalamu chinkawerenga 0 ameneyo ngati chizindikiro chakuti zonse zili m'malo, nkudumpha kuyendera kofunika. Ngozi inkachitika pokhapokha woyendetsa makina akadina batani pa kanthawi komweko, nchifukwa chake zinali zovuta kuti anthu avomereze kuti vutolo lilipodi.

Kusaka gwero la vuto

Ntchito yofufuza ndi kukonza zolakwikazi imatchedwa debugging, kuchokera ku mawu a Chingerezi otanthauza kachilombo. Mu September 1947 gulu lomwe Grace Hopper ankagwira nalo ntchito pa makina a Harvard Mark II linapeza njenjete yeniyeni itapanikizika m'makinawo, ndipo anaimata m'buku lawo lolembamo zochitika. Mawuwo analipo kale, koma njenjeteyo inawatchukitsa.

Ife a zachipatala ntchitoyi siitivuta kuimvetsa, chifukwa imafanana ndi yathu. Kutentha thupi si matenda, ndi chizindikiro chabe, ndipo kukhoza kuchokera ku malungo, chibayo, khutu kapena njira ya mkodzo. Uthenga wa kompyuta wonena kuti pali cholakwika nawonso umangoloza pomwe pulogalamu yagwera, osati pomwe inapunthwira. Komabe woyamba kuwerengedwa ndi uthengawo, wonse, mpaka kumapeto. FriCAS ikakana, imatchula dzina la ntchito yomwe yalephera kuipeza ndi mitundu ya zinthu zomwe inapatsidwa. Mukaona pamndandandapo mawu akuti String kapena Variable pomwe mumayembekezera nambala, mwadziwa kale kuti penapake kumtunda nambala inasanduka mawu, kapena dzina lina silinalandire nambala yake.

Kenaka wofufuza amabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, akuuza pulogalamu kuti ionetse chomwe yanyamula pa sitepe iliyonse pamodzi ndi mtundu wake, mpaka apeze malo omwe chinthu chinali bwino komaliza. Amachotsa zonse zosakhudzana ndi vutolo kuti atsale ndi mizere itatu kapena inayi yomwe ikulakwitsabe. Nthawi zambiri vuto limadzionetsa lokha pa nthawi yodulayi. Amasintha chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa mukasintha zitatu nkuona kuti zatheka simudziwa chomwe chachiza, monga zimakhalira mwana akamwetsedwa mankhwala atatu tsiku limodzi. Pa vuto la mayina, chida chachikulu ndi kuyambiranso pa malo oyera. Mu Maple muli lamulo lakuti restart, mu Maxima muli lakuti kill, ofufutira zonse zomwe pulogalamu yasunga. Ngati yankho likusintha pakati pa pulogalamu yongoyatsidwa kumene ndi yomwe yagwira ntchito tsiku lonse, ndiye kuti dzina lina likutuluka m'nyumba mwake. Pomaliza amayesa ndi nambala za m'malire, osati zapakati zokha: 4.9, 14.5, 15, 24.9, 35, danga losalembamo kanthu, nambala yolembedwa ndi koma.

Nanga inu amene simulemba mapulogalamu? Chida chanu choyamba ndi kuyerekeza yankho musanadine batani. Ngati mukudziwa kuti mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu nthawi zambiri amamwa piritsi limodzi la LA, foni ikanena anayi muima. Ngati mwana mukumuona ndi maso kuti ndi wowonda, tepi yafiira, koma foni ikuti ali bwino, khulupirirani tepiyo ndipo mutumizeni kuchipatala. Musanalembe nambala yang'anani kamawu ka pambali pa danga: kg kapena lb, cm kapena mm, miyezi kapena zaka. Zaka ndi miyezi zimasokoneza ambiri, chifukwa 6 akhoza kukhala khanda loyamwa kapena mwana wa Sitandade 1, ndipo mlingo wa zinc wa mwana wotsegula m'mimba umasintha pa miyezi 6 pomwepo, kuchoka pa mamiligalamu 10 kufika 20 pa tsiku. Makolo, masamu a m'nkhaniyi ndi ofotokozera chabe. Mlingo wa mwana wanu ndi umene walembedwa m'buku lake la kuchipatala, ndipo mphamvu ya botolo muiwerenge nthawi iliyonse mwagula latsopano, poti mabotolo a panado safanana onse.

Kwa mwana wanu wa kusekondale amene amathamangira pa foni ndi homuweki, mufunseni chinthu chimodzi: abwezere yankho lomwe wapatsidwa m'funso muja aone ngati mbali ziwirizo zikufanana. Ngakhale inu masamu a Fomu 3 munawaiwala, mukhoza kumuyang'anira akuchita zimenezi. Kawirikawiri pulogalamu imakhala yayankha molondola funso lomwe mwanayo walemba, lomwe si limene aphunzitsi anafunsa. Akalemba 1/2x, mapulogalamu ambiri amawerenga kuti theka kuchulukitsa ndi x, pamene iye mwina amatanthauza 1 kugawa ndi 2x. Ngati koyambirira anauza pulogalamu kuti x ndi 5 pa funso lina nkuiwala kufufuta, funso lotsatira x akhalabe 5, ndipo yankho lituluka nambala pomwe pamayenera kutuluka zilembo.

Mukapeza kuti pulogalamu ya kuntchito ikulakwitsa, mawu akuti foni ikuvuta sathandiza amene akakonze. Lembani ndendende zomwe munaika m'danga lililonse, ndi dontho kapena koma momwe munalembera, yankho lomwe linatuluka, ndi lomwe mumayembekezera. Onjezerani zomwe munachita musanafike pamenepo, monga fomu yomwe munadzaza poyamba, chifukwa vuto ngati la sintha lija silioneka popanda mbiri imeneyo. Jambulani uthenga wonse ngati watuluka, koma dzina la wodwala lisaoneke pachithunzicho. Yesaninso mutazimitsa ndi kuyatsa pulogalamuyo, ndipo munene ngati yankho lasintha kapena ayi. Zonsezi mupereke kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu kapena kwa amene amakuyang'anirani tsiku lomwelo, ndipo muwauze anzanu ogwiritsa ntchito pulogalamu yomweyo. Podikira kuti akonze, mlingo muziutenga pa tchati cha papepala chomwe munapatsidwa ku maphunziro.